Tiketi ya Cleveland Browns: nyenyezi 3, ndipo zonsezo ndi za masapota

Amene muli kuno ku Ohio, ndi inu a ku Indiana ndi Michigan amene mumangodutsa pa msewu wa I-90 osaima, funso lija loti kodi nkwanzeru kutaya madola pa tiketi ya Cleveland Browns ndiliyankhe pano kamodzi nkamodzi. Gulani, koma yotchipa, ya kumapeto kwa sizoni, ndipo mtima wanu muusiye kunyumba. Ndikupereka nyenyezi 3 mwa 5, zitatu zonsezo ndi za masapota ndi malowo, timu yeniyeniyo sindikuipatsa olo theka.

Abale akumudzi amene mukuwerenga musasokonezeke, uwu si mpira wathu wamiyendo uja ayi. Ndi uja wa chimpira chosongoka uku ndi uku, anyamata ovala zipewa zolimba kumagundana nkumagwetsana, ligi yake ndi NFL ndipo ili ndi matimu 32. Pali munthu mmodzi amamutcha quarterback, ndi amene amalandira mpira nkuuponya kutsogolo, ndipo timu yopanda quarterback wanzeru ilibe kolowera olo ena onsewo akhale madolo. Mfundo imeneyi muigwire chifukwa mavuto a Browns agona pomwepo.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Sitediyamu ili mphepete mwenimweni mwa Lake Erie, moyandikana ndi Rock and Roll Hall of Fame komanso Great Lakes Science Center, kuchoka mkati mwa tauni ndi kamtunda kochepa koyenda wapansi. Inatsegulidwa 1999, mumalowa anthu pafupifupi 67,000. Dzina lasinthasintha, inakhalapo FirstEnergy Stadium, kuyambira 2024 ndi Huntington Bank Field, koma eni akewo ambiri amaitchula kuti fakitale ya chisoni, ndipo akamanena samaseka kwenikweni. Tiketi ndi yapafoni ndiye tchajani foni ifule musananyamuke chifukwa kuzizira kumadya batile koopsa. Amayi, zikwama zanu zikuluzikulu zija siyani mgalimoto, lamulo la NFL likuti chikwama chikhale chapulasitiki yoonekera mkati kapena kachikwama kakang'ono kam'manja, pageti sanyengerera. Kupatula apo kulowa kumayenda bwino, ogwira ntchito ndi aulemu, amakulozera mpando popanda kukuyang'ana ngati wasochera.

Koma chenicheni chomwe mukulipira chili panja, ndipo nchaulere kkkk. Kum'mawa kwa sitediyamu kuli malo oimika magalimoto a mzinda omwe amangowatchula Muni Lot. Gemu ikakhala yoti iyamba 1 koloko masana, anthu amafika kumeneko kusanache. Mabasi akalekale opentedwa orenji ndi bulauni, mbaula zili yakaliyakali, soseji, nkhuku, nthiti za nkhumba, masipika, agogo aamuna atavala chigoba cha nkhope ya galu chifupa chili m'khosi, achinyamata akuponyerana mpira pakati pa magalimoto. Ukangodutsa utavala kanthu ka orenji wina akukodola kale kuti tabwera udye, sakufunsa kuti ndiwe wakuti, akangomva kalankhulidwe ndiye amafuna adziwe kuti munthu wochokera ku Africa walakwa chani kuti asankhe Browns mwa matimu onse 32. Ana aang'ono musapite nawo kumeneko, ikamakwana 11 koloko pakamwa pa anthu sipakhalanso bwino.

Za agaluzi zili ndi mbiri yake. Cha m'ma 1985 osewera awiri akumbuyo, Hanford Dixon ndi Frank Minnifield, anayamba kuuwa ngati agalu pofuna kulimbitsa anzawo mtima, masapota nkutengera, mpaka mbali yakum'mawa kuseri kwa golo inatchedwa Dawg Pound. Mpaka lero anthu akuluakulu andevu zaimvi amauwa gemu yonse. Ngati ndinu wamanyazi musagule mpando wakumeneko, saakhala pansi ndipo phokoso lake mutu umachita kulira. Masapota amenewa ali ndi mkwiyo wawonso, mu December 2001 pa gemu ndi Jacksonville Jaguars oyimbira atasintha chigamulo mochedwa anthu anagenda mabotolo apulasitiki mpaka gemu inaima kaye.

Tsopano tilowe mkati, komwe kuli katundu amene mwagulayo.

Chowawa nchoti timuyi sinabadwe yofoira. Inayamba kusewera 1946 pansi pa kochi Paul Brown mu ligi ina yotchedwa AAFC ndipo inatenga chikho zaka zonse zinayi zomwe ligiyo inakhalapo. Italowa mu NFL 1950 inatenganso chikho chaka chomwecho, kenako 1954 ndi 1955. Quarterback wawo Otto Graham anafika mu fainolo zaka khumi zotsatizana nkuwina kasanu ndi kawiri. Ndi timu imeneyinso yomwe 1946 inalemba Marion Motley ndi Bill Willis, anthu akuda, nthawi yomwe matimu ambiri ankakana akuda. Kenako kunabwera Jim Brown, amene ambiri amati sikunakhalepo wothamanga ndi mpira woposa iyeyo. Zipilala za Jim Brown ndi Otto Graham zili panja pa sitediyamu, jambulitsani pamenepo, ndi malo okhawo muone opambana tsiku limenelo. Chikho chomaliza chinabwera 1964 atachinya Baltimore Colts 27-0. Super Bowl, fainolo ya NFL ya masiku ano, inali isanayambe nkomwe, yoyamba inaseweredwa January 1967, ndipo kuyambira pamenepo mpaka lero Browns sinapondemo olo kamodzi. Matimu ena amene sanafikeko ndi atatu okha, Detroit Lions, Jaguars ndi Houston Texans, ndipo awiri omalizawa ndi ana adzulodzuloli.

Ukakhala pafupi ndi mdala aliyense mu sitediyamu, usanamufunse nkomwe akuyamba kukuwerengera maliro ake mmodzimmodzi, ndipo malirowo ali ndi maina. Red Right 88, January 1981, kuzizira kosaneneka, atatsala pang'ono kuwina Brian Sipe anaponya mpira nkugwidwa ndi wa Oakland Raiders, kuluza 14-12. The Drive, January 1987, atsala mphindi zochepa kuti apite ku Super Bowl, John Elway wa Denver Broncos anayendetsa timu yake mayadi 98 pa bwalo lawo lomwe la Cleveland, Denver nkudzawina 23-20 mu nthawi yoonjezera. Chaka chotsatira Denver yomweyo, Earnest Byner akuthamangira kukagoletsa mpira unamupulumuka m'manja atatsala mapazi ochepa, imeneyo amati The Fumble, 38-33. Ndiye January 1990 Denver yomweyonso kachitatu. Mdala amakufotokozera zimenezi ngati zachitika dzulo, maso ali pabwalo pomwe timu yalero ikubwerera m'mbuyo m'malo mopita kutsogolo.

Koma bala lenileni ndi la 1995. Mwini timu Art Modell, yemweyo amene anachotsa ntchito Paul Brown 1963, analengeza mu November kuti akusamutsa timu kupita nayo ku Baltimore. Eya, kuno timu ndi katundu wa munthu, atha kuinyamula kupita nayo mzinda wina. Mzinda unalimbana nazo mpaka unatsala ndi dzina, mitundu ndi mbiri, koma osewera onse anapita nkukhala Baltimore Ravens. Cleveland inakhala 1996, 1997 ndi 1998 yopanda timu. Ndiye tamvani izi, Ravens yomweyo inatenga Super Bowl January 2001, nkudzatenganso February 2013. Kochi amene anali ndi Browns pa nthawi yosamukayo, Bill Belichick, anakatenga ma Super Bowl 6 ndi New England Patriots. Dzina la Modell musalitchule mokweza kumeneko, munthuyo anamwalira 2012 koma sanamukhululukirebe.

Timu yomwe mukuonera leroyi ndi yomwe inabwerera 1999. Gemu yoyamba ya sizoni mu sitediyamu yatsopano, Pittsburgh Steelers inawathira 43-0, sizoni yonse anawina magemu awiri okha mwa 16. Kuchokera 1999 kufika 2024 masizoni amene anawina magemu ambiri kuposa oluza ndi anayi basi, 2002, 2007, 2020 ndi 2023. Gulu lawo la AFC North, momwe muli Steelers, Ravens ndi Cincinnati Bengals, sanakhalepo nambala wani, komaliza kutsogolera gulu kunali 1989. Pansi penipeni panali pa kochi Hue Jackson, 2016 anawina gemu imodzi mwa 16, 2017 sanawine olo imodzi, 0-16, zomwe zinali zitachitikapo kamodzi kokha ndi Lions 2008. Ndipo masapota mmalo molira anakonza perete mu January 2018 kuzungulira sitediyamu kuzizira kuli tsitsitsi, kukondwerera sizoni yangwiro yoluza. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu aise. Atadzawina pa 20 September 2018, kuchinya New York Jets 21-17 quarterback Baker Mayfield atalowa mmalo mwa mnzake wovulala, panali patadutsa masiku 635, ndipo kampani ya Bud Light inali itaika mafiliji okhoma ndi tcheni m'mabala a mu mzindamo oti adzatsegulidwe tsiku lomwe timu idzawine. Usiku umenewo anatsegulidwa, anthu nkumwa ulele ngati atenga chikho.

Ife a Flames kudikira timakudziwa, kuchoka 1984 mpaka 2010 osanunkha ku AFCON, koma bola ife tinali ndi chowiringula choti thumba ndi lobooka. Awa ndalama ali nazo zosefukira, ndipo apa mpamene ine zimandinyansa monga kasitomala. NFL inapangidwa mwadala kuti wofooka adzuke. Kulibe zotuluka mu ligi, olo uluze magemu onse chaka chamawa uli momwemo. Ndalama za TV amagawana mofanana matimu onse. Pali malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera, ndiye olemera sangagule madolo onse. Kuonjezera apo pali draft, pomwe matimu amasankha anyamata ochokera ku makoleji, ndipo amene anathera kumapeto ndi amene amayamba kusankha. Kutanthauza kuti ukaluza kwambiri amakupatsa mphatso ya mwana wabwino koposa mdziko lonse. Mu dongosolo lotere kukhala wofoira zaka zoposa 20 si tsoka ayi, pamafunika khama.

Ndipo khamalo analichita. Ma quarterback amene ayambapo gemu kuchokera 1999 ndi oposa 40, pomwe matimu anzeru amakhala ndi mmodzi zaka 10 kapena 15. Tim Couch anamusankha nambala wani 1999 nkumuika kuseri kwa anthu osatha kumuteteza, anamenyedwa mpaka thupi linatha. Brady Quinn, Brandon Weeden amene anamusankha ali ndi zaka 28, Johnny Manziel wa 2014 amene anatchuka kwambiri ndi zakumapate kuposa zapabwalo, onsewa anatengedwa mu raundi yoyamba. Pali jezi ina yotchuka mu mzindamu, ya Couch, yomwe ankangomata dzina latsopano pansi pa linzake mpaka mndandanda unafika m'miyendo. Chopweteka china, 2004 anamusiya Ben Roethlisberger, mwana wa mu Ohio momwemo, Steelers nkumutola, ndipo kwa zaka zambiri iyeyo mlendo ndi amene anali atawina magemu ochuluka mu sitediyamu ya Cleveland kuposa quarterback aliyense wa Browns. Taganizani.

Makochi nawonso chimodzimodzi, Chris Palmer, Butch Davis, Romeo Crennel, Eric Mangini, Pat Shurmur, Mike Pettine, onsewa analowa nkutuluka. Rob Chudzinski anapatsidwa chaka chimodzi, 2013, Freddie Kitchens chaka chimodzi, 2019. Kochi watsopano aliyense amabwera ndi kaseweredwe kake, amafuna osewera ake, amataya a mnzake uja, asanamalize kumanga naye achotsedwa, wina nkudzagumula kuyambiranso pa maziko. Jimmy Haslam atagula timu 2012 anthu ankati mwina zisintha, koma zaka zake zoyambirira ndi zomwe kusinthasintha kunanyanya. Amene ndimamumvera chisoni ndi Joe Thomas, mmodzi wa oteteza quarterback, anasewera 2007 mpaka 2017, maulendo 10,363 otsatizana osatuluka pabwalo olo kamodzi, analowa mu Hall of Fame 2023, koma moyo wake wonse sanalaweko ngakhale gemu imodzi ya playoff, magemu a kumapeto kwa sizoni olimbirana kupita ku Super Bowl.

Kunena chilungamo kuwala kunaonekako. Sizoni ya 2020 ndi kochi Kevin Stefanski anawina 11, nkupita ku Pittsburgh January 2021 kukachinya Steelers 48-37, playoff yoyamba kuwina chichokereni sizoni ya 1994, kochiyo akuonera pa TV kunyumba kwake chifukwa anali ndi Covid. Sabata yotsatira anagwa kwa Kansas City Chiefs 22-17 koma anthu anati basi tafika, tili ndi Mayfield, tili ndi Nick Chubb, tili ndi Myles Garrett.

Ndiye mabwana anachita zomwe amadziwa. 2022 anaganiza kuti Mayfield sakukwana, nkukatenga Deshaun Watson ku Houston. Anapereka mwayi wawo wosankha mu raundi yoyamba wa zaka zitatu, nkumupatsa kontilakiti ya madola 230 miliyoni pa zaka zisanu, yonse yotsimikizika, asewere asasewere ndalama ndi zake. Nthawi imeneyo nkuti azimayi oposa 20 atamusumira kuti anawachita zosayenera pomwe ankamusisita thupi, iye ankakana, sanazengedwe mlandu waupandu, koma NFL inamuimitsa magemu 11 nkumulipitsa madola 5 miliyoni. Masapota ambiri makamaka azimayi anasiya timu pa nkhani imeneyi ndipo ine sindiwadzudzula. Pabwalo naponso sizinayende, kuvulala phewa 2023, kuduka mtsempha wa kuchidendene October 2024, ndipo pomwe anali bwino kaseweredwe kanali kosaoneka. Choseketsa, 2017 Browns yomweyi ndi imene inagulitsa kwa Houston malo amene anasankhira Watson, akanatha kumutenga ulele nthawi imeneyo. Mayfield uja anamutaya anakadzuka ku Tampa Bay nkumapita ku playoff. Haslam mwini wake anavomera poyera 2025 kuti dilu imeneyi inali yophonya kwambiri. Sizoni yabwino ya 2023 anaipulumutsa ndi Joe Flacco, bambo wa zaka 38 amene anamutenga ali khale kunyumba, ndipo ndi munthu amene anawinira Ravens Super Bowl, mwaona mmene zimazungulira. Houston inawatulutsa mu playoff 45-14, chaka chotsatira anawina magemu atatu okha nkuluza 14, tabwereranso pakale.

Ndiye mukakhala pampando paja yembekezerani izi. Difensi imasewera ndithu, Myles Garrett yekha ndi woyenera theka la mtengo wa tiketi, anasankhidwa wotchinga wabwino koposa mu ligi sizoni ya 2023 ndipo kumuona ndi maso akudutsa anthu awiri nkukagwetsa quarterback ndi zina, pa TV liwiro lake silioneka bwino. Koma mpira ukakhala m'manja mwa Browns konzekani kuona kuyesa katatu nkuumenya kupereka kwa adani, kubwereza, kubwerezanso. Gemu ya mphindi 60 pa wotchi imatenga maola atatu chifukwa amaimitsaimitsa kuti a TV aonetse malonda, kunyumba suzindikira koma mu sitediyamu umangoona anyamata ataima manja m'chiuno iwe ukuuma. Ndipo mphepo yochokera pa Lake Erie mu December si yocheza nayo, sitediyamu ilibe denga, mipando yam'mwamba mbali yakunyanja ndiye kumaloweratu mpaka m'mafupa. Masokosi awiri, magolovesi, chipewa chofika m'makutu, ndipo pansi pa nsapato ena amaponda pa katoni kuti simenti isawayamwe kutentha, nzeru imeneyo ndi yabwino tengerani.

Zakudya zamkati ndi zodula monga mmene zimakhalira m'masitediyamu onse aku America, kukoma kwake kwapakatikati. Idyani ku Muni Lot kapena mtauni musanalowe, funsani Polish Boy, soseji mu buledi pamwamba atathirapo tchipisi, kabichi ndi sosi, imadetsa malaya koma ndi ya Cleveland yeniyeni. Mkatimo gulani chakumwa chotentha basi chogwirira m'manja.

Pa mtengo wa tiketi sindiika nambala chifukwa umasintha sabata ndi sabata, koma kachitidwe kake nkodziwika. September anthu akadali ndi chiyembekezo, mitengo ili m'mwamba. Gemu ya Steelers imadula nthawi zonse ndipo mudzapeza a Pittsburgh adzaza ndi timatawulo tawo tachikasu poti ndi ulendo wa maola awiri okha pagalimoto. Koma timu ikangoluza magemu angapo nkuzizira kuyamba, eni matiketi a sizoni yonse amayamba kuwataya pa ma app ogulitsirana, dikirani mpaka Loweruka usiku kapena Lamulungu m'mawa mupeza yotsika kwambiri. Ingoyang'anani mtengo womaliza musanadine, app ina yomwe ndinagwiritsa ntchito inaonjezera timafizi take kumapeto mpaka kutchipa kuja kunachepa mphamvu. Tiketi ya sizoni yonse ndiye ayi, musayerekeze, imeneyo ndi ya anthu amene anatengera kwa agogo awo ndipo sangathenso kuthawa. Komanso ndi anthu okhulupirika omwewa amene amapangitsa kuti mabwana asamve kuwawa, timu iluze iwine ndalama ya TV ikubwera, mipando yagulidwa kale, mtengo wa timu ukungokwera.

Jezi musagule ya quarterback, chonde. Draft ya 2025 anatenganso awiri nthawi imodzi, Dillon Gabriel ndi Shedeur Sanders, ndipo anyamata ambiri athamangira ya Sanders chifukwa cha dzina la bambo ake Deion, ine ndingoti kumbukirani mndandanda uja. Gulani ya Jim Brown nambala 32 kapena ya Joe Thomas 73, amenewo sangagulitsidwenso kwina. Apo ayi chipewa chaubweya cha orenji chikukwanirani, chimagwiranso ntchito Lolemba popita kuntchito.

Ngati mukufuna kuona zonsezi mmene zilili fulumirani, chifukwa mgwirizano wa sitediyamuyi ukutha ikatha sizoni ya 2028 ndipo a Haslam akufuna kusamutsira timu ku Brook Park pafupi ndi eyapoti ya Hopkins, mu sitediyamu yadenga yoti itsegulidwe 2029. Kudzakhala kofunda inde, koma mitengo sidzakhala yomweyi, ndipo Muni Lot siinganyamulidwe. Inu akumudzi amene mumangofuna kuonera pa sikirini, gemu ya 1 koloko kuno imakhala 7 koloko madzulo kwanuko, kuyambira November 8 koloko, ndiye simuluza tulo. Koma ngati simunasankhebe timu yoti muzisapota, pali ena 31.